Musanalipire wochiritsa, mufunseni chimene iye amadziletsa

Anyamata ndi atsikana a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Karonga, ndi inu amene munapita m'tauni ndi ku Joni koma mtima unatsala padoko: Uthengawu ndi wautali. Ngati batire latsala pang'ono, usungeni, muwerenge mukatchaja. Koma muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa nkhaniyi ikukhudza thumba lanu, thupi lanu ndi madzi amene anatilera.

Padoko pafika geni yatsopano: anthu ayamba kugulitsa nyanja ngati mankhwala. Ogulitsa ake alipo atatu, ndipo nonse munawaonapo.

Woyamba ndi mneneri. Amafika m'bandakucha ndi minibasi yodzaza anthu a m'tauni, onse atavala zoyera. Amawalowetsa m'madzi mpaka m'chiuno kuti asambe tsoka, minyama ipite ndi mafunde. Pobwerera aliyense wanyamula botolo la madzi a m'nyanja, madzi omwewo amene amayi athu amatsukira mbale, koma tsopano ali ndi mtengo wake.

Wachiwiri ndi sing'anga wa chikwangwani. Mapepala ake amata pamitengo, pa Facebook aliponso, nambala ya foni yalembedwa kawiri. Akuti amabweza mkazi wothawa, amapereka mwayi wa nsomba, amawinitsa kubetcha, amachiza shuga ndi BP sabata imodzi. Mizu yake imabwera m'matumba, ngati makala.

Wachitatu ndi wa kuloji. Uyu ndi waulemu, salankhula mokuwa. Amaitana anthu a ndalama, a kunja ndi a konkuno, kuti abwere ku retreat. Azimitse mafoni, ayende opanda nsapato pamchenga, achite yoga dzuwa likamatuluka, apume mpweya mozama, adzipezenso. Pambali pake pali mng'ono wake, mphunzitsi wa mindset, amene amatiuza kuti umphawi uli m'mutu, ukalipira semina ya masiku awiri ubwerako uli munthu watsopano.

Onse atatuwa amanena chinthu chimodzi: chilengedwe chimachiritsa mtima ndi mzimu wa munthu. Ndipo apa ndimveni bwino, chifukwa ena muyamba kale kutukwana mu inbox. Ine sindikutsutsa zimenezo. Ndine mwana wa msodzi. Ndikudziwa mmene mtima umakhalira pansi ukakhala m'bwato m'mawa mwera utaleka, nyanja ili phee, nkhwazi ikulira kutali. Munthu amene anagona ndi mkwiyo amabwerako atafewa. Ndikudziwanso kuti mitengo ili ndi mphamvu. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America. LA amene timamwa tikadwala malungo, gwero lake ndi chitsamba chimene anthu a ku China ankachigwiritsa ntchito kalekale. Ndiye nkhondo yanga si yoti chipatala chimenyane ndi tchire ayi.

Nkhondo yanga ndi iyi. Ntchito yochiritsa anthu kudzera m'chilengedwe ili ndi malamulo ake, makolo athu ankawadziwa, ndipo ogulitsa a masiku anowa atenga dzina la ntchitoyo, malamulo aja awasiya pamchenga. Lamulo lalikulu pa onse ndi loti wochiritsa amayamba wadzimanga yekha asanamange wina. Ndiye musanapereke kobiri, mufunseni munthuyo kuti: bambo, inuyo mumadziletsa chiyani?

Kuti mumvetse, tiyeni ku Mbenje.

Amene simunafikeko, Mbenje ndi chilumba cha ku Salima, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira ya ku Salima komweko, ndipo maboti opita kumeneko amanyamukira padoko la Chikombe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, dziko lino lisanalandire ufulu n'komwe, mafumu a kumeneko anaika lamulo loti Disembala ikafika aliyense achoke pachilumbapo, ndipo palibe woponya khoka mpaka Epulo. Kutseka ndi kutsegula kumachitika ndi mwambo, akuluakulu amakumbukira mizimu ya makolo ndi kupereka nsembe. Nthawi imene chilumba chili chotsegula, mowa suloledwa, chamba sichiloledwa, juga ayi, ndipo njoka ya pachilumbapo siiphedwa. Wophwanya malamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Za utaka wa ku Mbenje funsani aliyense wogula nsomba ku Salima, akuuzani yekha.

Tsono taonani chimene chikuchitika pamenepo. Anthu amene amakhulupirira kuti malowo ndi opatulika ndi omwewo amene amaluza ndalama chifukwa cha chikhulupirirocho. Miyezi inayi yathunthu nsomba zili pomwepo, maboti alipo, mabanja akufuna ndiwo, sukulu ikufuna fizi, koma manja ali m'thumba. Mfumu imene inaika lamulo nayonso imamangidwa ndi lamulo lomwelo. Uwu ndiye uzimu umene ine ndimaulemekeza, woti mwini wake ndiye woyamba kumva kuwawa kwake. Kaya inu mumakhulupirira mizimu kaya ayi, kaya ndinu a mpingo kaya a mzikiti, simungakane kuti anthu amenewa anapeza njira yomangira dyera la munthu, ndipo yagwira ntchito zaka zoposa 60.

Si ku Mbenje kokha. Yendani pamsewu wa ku Lilongwe, Dedza kapena Dowa, muyang'ane kumene kwatsala mitengo yachilengedwe italiitali. Mupeza kuti ndi kumanda. Ponseponse nkhwangwa inadutsa, koma pamene anthu amaopa panatsala nkhalango. Ku Nsanje, nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, yakhala chiimire pachifukwa chomwecho. Paliponse pamene makolo ankati apa m'popatulika, chotsatira chake chinali choletsa: osadula, osapha, osatenga mopyola.

Ndiye ndifunse. Mneneri wathu uja, amene akuti nyanja ndi yopatulika moti imachotsa tsoka, analetsapo chiyani chifukwa cha kupatulikako? Anayamba waimapo pagome n'kuuza nkhosa zake kuti asagule kasawala? Akachoka padoko amasiya chiyani, kupatula mabotolo, majumbo ndi makandulo pamchenga? Malo ukawatcha opatulika koma osataya kanthu chifukwa cha iwo, ndiye kuti ndi shopu basi, waika chabe nsalu yoyera pakhomo.

Limenelo ndi funso loyamba. Lachiwiri ndi ili: *mtengo umene wachiritsa munthu, wausiya wamoyo?*

Agogo anga aakazi ankadziwa zitsamba. Sanali sing'anga wa chikwangwani, anali mayi wa pamudzi amene anthu ankamugogodera mwana akatsegula m'mimba. Akafuna khungwa la muwawani ankasenda kachigawo kakang'ono mbali yotulukira dzuwa, kena mbali yolowera dzuwa, basi. Ankati mankhwala a mbali zina sagwira. Tili ana tinkangoti ndi mwambo. Koma taganizani: mtengo umayendetsa chakudya chake m'khungwa, ndipo ukausenda kuzungulira thunthu lonse umauma. Ukasenda mbali ziwiri zokha, bala limapola, chaka chamawa mtengo ulipo, mwana wina adzachira nawo. Pokumba mizu ankadula umodzi wa m'mbali, muzu waukulu osaukhudza. Mwambo uja unali wosunga mtengo, koma anauveka chovala cha mantha kuti ngakhale munthu wadyera aumvere.

Lero pitani pamsika uliwonse muone milu ya makungwa ndi mitolo ya gondolosi. Amene anakumba sakudziwa amene adzamwe, amene akugulitsa sakudziwa pamene panakumbidwa. Mitengo ya mvunguti ndi muwawani imene ili pafupi ndi midzi yasendedwa ngati chinangwa. Munthu amene wapha mtengo kuti achize chifuwa chako waba mankhwala a mwana wako. Ameneyo musamutche dotolo, ndi wamakala amene wasintha katundu.

Funso lachitatu: *amadziwa pamene mphamvu yake yathera?*

Apa ndiye pamene pakufera anthu, ndipo sindiseka. Wochiritsa weniweni amadziwa mawu oti "izi si zanga, pitani kuchipatala." Azamba ndi asing'anga akale abwino ankawanena mawu amenewa osachita manyazi. Wabodza sangawanene, chifukwa akawanena kasitomala wapita.

Kunyanja kuno tikudziwa mmene kachilombo kanatipwetekera. Tikudziwa zimene zimachitika padoko usipa ukavuta, amayi ogula nsomba ali ambiri, maboti obwera ndi kanthu ali ochepa. Kuyambira 2004 ma ARV akuperekedwa ulere m'zipatala za boma, ndipo anthu amene tinali titawalira kale anadzuka n'kubwerera kunyanja. Ndiye wina abwere lero, amumize munthu katatu m'madzi, n'kumuuza kuti wachira, ataye mabotolo a mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Miyezi ingapo, tikukumba manda. Mneneri pamaliropo sabwera, ali kale kudoko lina.

Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a kunyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Kolera amapha pomaliza madzi m'thupi, nthawi zina tsiku lisanathe. Chimene chimapulumutsa ndi thanzi ORS ndi diripi, mwachangu. Aliyense amene amachedwetsa wodwala wotere ndi mapemphero a pamchenga kapena mphika wa mizu, kenaka n'kumutumiza kuchipatala atalefuka kale, wapha munthu. Palibe dzina lina.

Chimodzimodzi nkhani ya maganizo. Anyamata ambiri pakati pathu akuvutika chamumtima: ngongole ya katapila, injini yomira, ndalama zothera kubetcha, banja losokonekera. Sagona tulo, amayamba kudzipatula, ena amafika poganiza zodzipha, ndipo malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna. Kukhala pamphepete pa nyanja kumathandiza, kucheza ndi mnzako kumathandiza, pemphero limathandiza. Koma pali pena pamene pamafunika anthu ophunzira ntchitoyo. Kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo poyambira ndi pachipatala cha boma cha m'dera lanu. Wochiritsa amene amakulozerani njira imeneyi ikafunika, mugwireni dzanja, ndi munthu. Amene amati kupita kuchipatala n'kuchepa chikhulupiriro, muthaweni ngati ng'ona.

Funso lachinayi: *akamaliza nawe, amakubweza kwa anthu ako, kapena amakusunga?*

Kale munthu akadwala nthenda ya mizimu, sankapita yekha. Kumpoto, ng'oma za vimbuza zikalira, mudzi umasonkhana, ena akuimba, ena akuomba m'manja, wodwala ali pakati. Chimene sankatha kuchinena masana chimatuluka usiku umenewo anthu ake akumva. Mwambo umenewu ngakhale a UNESCO anauzindikira. Kaya mumati ndi mizimu kaya mumati ndi maganizo, chimene chikuchitika n'choti munthu wosweka akulumikizidwanso ndi abale ake. Pamilandu ya pabanja n'chimodzimodzi: ankhoswe amakhala pansi, mbali zonse zilankhule, anthu adyere mbale imodzi.

Ogulitsa a lero amachita zosemphana. Chinthu choyamba chimene amakuuza n'choti amene akukulodza ndi wa m'banja mwako. Boti lako silikupha chifukwa azakhali ako anamanga mwayi wako. Sukukwatiwa chifukwa agogo ako anakuika chizimba. Ukachoka pamenepo wadana ndi mtundu wako wonse, watsala ndi munthu mmodzi padziko lapansi womukhulupirira: iyeyo. Ndipo tikudziwa kumene mawu oterewa amathera. Nkhalamba zamenyedwa, zina zaphedwa, nyumba zatenthedwa m'dziko muno chifukwa wina analoza chala. Lamulo la dziko lino limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma pamudzi chala chikaloza, apolisi amafika moto utazima kale.

Wa mindset naye ali ndi kachitidwe kake kofanana, kungoti kovala suti. Akuti uchoke kwa anthu okubweza m'mbuyo, udzikonde wekha choyamba. Aise, chilimira amakoka munthu mmodzi? Siginala akayatsa nyali zake usipa n'kusonkhana, popanda anzake a m'maboti amangoonerera. Ife tinakulira pantchito imene munthu mmodzi sangaithe. Kukula kwa munthu kumene kumamusiya alibe womuyendera akadwala, kumeneko n'kutupa.

Funso lachisanu: *amalipiritsa liti, ndipo zingati?*

Makolo anali ndi dongosolo labwino. Ukapita kwa sing'anga unkapereka chipondamthengo, kangachepe koti munthu alowere kutchire kukafuna mankhwala. Malipiro enieni ankabwera wodwala akachira: nkhuku, mbuzi, lichero la ufa, monga mmene banja lingathere. Akapanda kuchira, sing'anga waluza nawo. Ndiye kuti phindu lake linali lomangirizidwa ku moyo wako.

Lero ndalama imatsogola, pa Airtel Money kapena Mpamba, musanaonane n'komwe. Zikakanika, wolakwa ndiwe: sunakhulupirire mokwanira, unadya zoletsedwa, adani ako ndi amphamvu, onjezera ina tichite yaikulu. Geni yokoma bwanji, yoti katundu akakhala wowola wolipira chindapusa ndi wogula! Ife kunyanja ukagulitsa usipa wowola mawa palibe akuyandikira thandala lako. Bwanji anthu awa timawabwerera kachiwiri, kachitatu, mpaka kugulitsa matchera?

Tsopano ndibwere kwa a kuloji, chifukwa ena muziti awa ndiye abwinoabwino, samanamiza munthu. Zoona, ambiri salonjeza kuchiza Edzi, ndipo alipo ena amene amalemba ntchito ana a pamudzi, kuthandiza sukulu ndi kutola zinyalala pagombe. Amenewo ulemu wawo. Koma mafunso aja akuwakhudza onse. Ngati mlendo akupuma mpweya wa mtendere kutsogolo, pamene kuseri mlonda akuthamangitsa ana amene makolo awo akhala akusamba pagombe limenelo chiyambire, mtendere umenewo waguliwa ndi chiyani? Ngati mpanda watseka njira imene amayi ankadzera kukatunga madzi, moti tsopano akuzungulira mtunda wautali ndi ndowa pamutu, kulumikizana ndi chilengedwe kumene mukuphunzitsako n'kwa ndani? Zonyansa za m'zimbudzi zanu zimapita kuti? Mtsikana amene amayala mphasa za yoga m'mawa uliwonse amalandira zingati pamwezi? Mlendo ali ndi ufulu wofunsa zimenezi, ndipo ife eni gombe tili ndi ufulu woposa.

Nyanja yathu ndi yodziwika dziko lonse. Paki ya ku Cape Maclear inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lapansi chifukwa cha mitundu mazanamazana ya nsomba zimene sizipezeka kwina kulikonse. Ndiye sitikudabwa kuti anthu akuwoloka nyanja zamchere kudzafuna mpumulo kuno. Abwere, alendo ndi dalitso. Koma amene akudya ndalama m'dzina la kuchiritsa kwa nyanjayi aonetse chimene akubweza.

Anyamata, musaombe m'manja msanga, chifukwa chala chikubwera kwa inu.

Nyanja imene tikuti imachiritsayi ikudwala, ndipo ena oidwalitsa ali m'gulu lino la WhatsApp. Chambo chimaswana m'madzi osaya. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga, chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka atakhwima. Ukakoka khoka pamalo amenewo nyengo yoswana, waphwasula zisa, ndipo chambo chimodzi chimene wagwira chafa ndi ana ake onse m'kamwa. N'chifukwa chake pa 1 Novembala nyanja imatsekedwa ku makoka ena. Koma ndani sadziwa maboti amene amatuluka usiku nyengo yomweyo? Ndani sanaone neti ya udzudzu, imene inaperekedwa kuti iteteze mwana ku malungo, itasokedwa kukhala khoka losesa ndi tiana ta nsomba tomwe? Ku Malombe chambo chinali chochuluka, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitatha pafupifupi chonse. Makomiti a m'madoko aja, ma BVC, anayambira kumeneko mu 1993, madzi atafika kale m'khosi. Mpasa umakwera mitsinje ngati Bua kukaswana pamiyala, ndipo mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ikatha, matope amakwirira malo amenewo.

Imvani izi, chifukwa ndi pamene nkhani yonse yamangirira. Ku Cape Maclear akatswiri akhala akufufuza kwa zaka zambiri chifukwa chimene likodzo linachulukira pagombe. Chimodzi mwa zimene anaona n'choti nsomba zimene zimadya nkhono zinachepa chifukwa chophedwa mopyola m'madzi osaya, ndipo nkhono zosunga tizilombo ta likodzo zinachuluka. Mwamva? Nsomba zija zinali achipatala a nyanja. Zitachotsedwa, nyanja inayamba kudwalitsa ana osambamo. Ndiye mneneri akamiza anthu ake m'madzi osaya kuti achotse tsoka, mwina akuwapatsa likodzo loti akalimbane nalo kwawo, ndipo lidzachoka ndi mapiritsi a kuchipatala, osati ndi botolo lake lija.

Nyanja siingachiritse anthu amene akuidwalitsa. Mnyamata amene m'mawa akukasambitsidwa kuti apeze mwayi wa nsomba, usiku n'kukakoka neti ya udzudzu pamalo oswanirana, akufuna mwayi uti? Mwayi wake waupha yekha dzulo. Azakhali ake alibe mlandu.

Ndikudziwa zimene muyankhe, ndiye ndiyankhiretu.

Ena muti: "Koma anthu akuchira, maumboni tikuwamva." Inde, ena amapezadi bwino. Munthu amene wakhala miyezi osauza aliyense mavuto ake, akayenda ulendo, n'kupeza womumvetsera, n'kuimba ndi anzake, n'kulowa m'madzi ozizira dzuwa likutuluka, mtima umapepuka ndithu. Koma zonsezo, ulendo, khutu la mnzako, nyimbo, madzi, ndi ziti zimene mneneri anapanga? Wakugulitsani zanu zomwe. Ndipo kumbukirani kuti maikolofoni amapatsidwa kwa amene wachira yekha. Amene zinakanika sapereka umboni, ena ali kumanda, ena akubisala ndi manyazi ndi ngongole.

Ena muti: "Munthu wa Mulungu sadzudzulidwa." Ine sindikudzudzula Mulungu, ndipo abusa ndi mashehe oona ndimawadziwa, amene amayendera odwala opanda envulopu, amene amakumbutsa anthu awo kumwa mankhwala. Iwowa mafunso asanu aja sangawaope, ayankha akumwetulira. Amene amakwiya ukamufunsa kumene ndalama zikupita wakuyankha kale.

Ena muti: "Za ku Mbenje ndi za anthu okhuta, ife tikasiya kupha tidya chiyani?" Funso ili ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Mnyamata wa m'boti la eni ake alibe chosunga, akapanda kupita kunyanja lero, poto sakhala pamoto. Kwacha itagwa mu Novembala 2023, mafuta, injini ndi ukonde zonse zinakwera, ndipo njala siidziwa kalendala. Koma taonani nzeru ya akuluakulu aja: miyezi imene anatseka chilumba ndi ya dzinja, nthawi yolima. Anadziwa kuti munthu ukamuletsa china uyenera kumusiyira china. Ndiye nkhondo yathu ikhale yoti eni maboti aziika padera kanthu ka anyamata awo nyengo yotseka, ma banki m'khonde alimbe, ndipo lamulo ligwire wa tirola mofanana ndi wa bwato. Chimene chimaphetsa lamulo si njala yokha, ndi kuona wamkulu akuphwanya osagwidwa. Ku Mbenje lamulo lakhalitsa chifukwa silisankha nkhope.

Ndipo alongo athu muti: "Nanga lamulo la ku Mbenje loletsa akazi kufika pachilumba, nalonso ukuliyamikira?" Funsani ndithu, muli ndi ufulu. Amayi ndi amene amawamba, kuyanika ndi kugulitsa nsomba zambiri za m'nyanja muno, ndipo mawu awo ayenera kumveka pamene malamulo a nyanja akupangidwa. Mwambo si mwala, eni ake amatha kukhala pansi n'kuuunikanso. Chimene ndikutola ku Mbenje ndi mtima wake: anthu kugwirizana kudzimana lero kuti mawa kukhale kanthu, ndi mtsogoleri kukhala woyamba kumvera.

Ndiye nazi zimene ndikupempha, zosafuna ndalama.

Wina akakuitanirani ku machiritso a kunyanja, a kuphiri kapena a kutchire, kaya wavala mkanjo, kaya mikanda, kaya kabudula wa kuloji, mufunseni zisanu zija. Mumadziletsa chiyani? Mtengo mwausiya wamoyo? Zikakukanikani mumatumiza kuti? Mundibweza kwa abale anga kapena mundidanitsa nawo? Ndilipira liti, ndipo zikalephera aluza ndani? Akayankha bwino, pitani, mwina mwapeza munthu weniweni, alipo ndithu. Akayamba kukuopsezani, bwezani foni m'thumba.

Mnzanu akayamba kudzipatula, osadikira kuti afike kwa wachikwangwani. Mutengeni mukakhale naye pamchenga madzulo, musoke ukonde limodzi, mumusiye alankhule osamudula. Mukaona kuti zakula, mukamva akutchula zofuna kufa, musamusiye yekha ndipo mumuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo. Musaope kuti akwiya. Bola akwiye ali moyo.

Agogo amene akudziwa zitsamba akadalipo pamudzi panu, khalani nawo pansi. Muwafunse dzina la mtengo, komanso muwafunse malamulo ake: amasenda mbali iti, amatenga wochuluka bwanji, ndi matenda ati amene iwo sawagwira. Mayina a mitengo ambiri akuwadziwa kale, n'chifukwa chake ikutha. Chimene chikusowa ndi malamulowo.

Ndipo pamsonkhano wa BVC wotsatira, pitani. Musasiyire madala okha kenaka muzidandaula pa WhatsApp. Mukafunse kuti malo oswanirana nsomba a padoko lanu ndi ati, ndani akuwalondera, ndipo neti za udzudzu zimene zinalandidwa zinapita kuti. Doko lililonse likhoza kukhala ndi Mbenje wakewake, ngakhale kakhonde kamodzi ka miyala ndi bango kamene nonse mwagwirizana kuti apa sitiponyapo.

Amene zamukhudza atukwane, nambala yanga ndi yomweyi. Enanu tumizani uthengawu kwa mnzanu amene mukudziwa kuti akusonkhanitsa ndalama yoti akasambitsidwe tsoka mwezi uno. Mwina aiona isanapite.

Ndatha ine wanu,
Mwana wa msodzi